Dzuwa Linakana Kulowa pa Ulendo wa ku Washington

Tabwera nayo kuno foniyo, Asiyatu, ndione. Ikuti chiyani? Kuchoka ku Doha kukafika ku Washington, makilomita opitirira zikwi khumi, maola khumi ndi anayi m'mwamba. Ehe, sikunama. Koma ikunena mopepuka ngati munthu amene sanakwereko. Ine maola amenewo ndinawawerenga ndi kummero, limodzilimodzi, ndipo mpaka lero ndege ikamadutsa pamwamba pa Mponda pano ndimamva ludzu.

Khalani pansi, ana inu. Iwe Zainabu, mlendo wathu wa ku Amerika, sendera pafupi, chifukwa nkhaniyi ndi yako ngakhale sukuikumbukira. Pamene Chichewa chikukuthawa uzindigwira bondo ndibwereze. Dzana unkadandaula kuti kuchoka ku Chileka kufika kuno n'kutali, msana wakupweteka, pamene unakhala m'galimoto yotuluka mphepo yozizira mkati. Ine ndili mnyamata ndinkapita ku Limbe pa njinga, madengu awiri a utaka wouma kumbuyo, masiku atatu panjira. Kamba wake chinali chinangwa chophika ndi chimanga chokazinga, kogona pakhonde la sitolo ya munthu wosamudziwa. Njingayo inalibe mabuleki, ndinkaimitsa ndi chidendene, n'chifukwa chake phazi ili lili chonchi. Musaseke, phazi limeneli linaphunzitsa amayi anu sukulu.

Masiku amenewo palibe ankanena za makilomita. Ukafunsa njira, munthu ankakweza dzanja kuloza kumwamba: mukanyamuka dzuwa lili apa, mukafika lili apo. Basi, mtunda wayezedwa. Ndipo ine pa za dzuwa sindinali munthu wamba. Mukundidziwa ngati agogo okhala pampando wa ndalema, koma kwa zaka makumi atatu ndinali muazini wa mzikiti uwu, woitanira anthu ku swala, mapemphero athu aja. Amene anandiphunzitsa, malemu Che Mkwanda, anazika kamtengo kuseri kwa mzikiti, nandionetsa kuwerenga chithunzithunzi chake. Zokuzira mawu kunalibe. Unkakwera masitepe a pambali paja, n'kugwira makutu, n'kuitana ndi chifuwa chako, mpaka asodzi a tsidya la Shire amve. Mwezi wa Ramazani mudzi wonse unkadikira pakamwa panga. Amayi atapakula kale futali, ana atagwira makapu, koma palibe wolawa kanthu ine ndisanaone dzuwa litabisala kuseri kwa mapiri. Anthu atayamba kubwera ndi mawotchi kuchokera ku Joni, ankandiuza kuti Che Jafali, nthawi yakwana. Ine ndinkawayankha mawu amodzimodzi: wotchi anapanga ndi munthu, dzuwa anapanga ndi Mulungu. Mawu amenewa muwasunge, abweranso kudzandiluma.

Kusala sindinayambe bwino, ndinene zoona. Chaka choyamba, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndinkakonda kusamba mu Shire masana. Kasanu pa tsiku. Amayi anga ankadabwa kuti mwana uyu wayamba liti ukhondo. Chinsinsi chake chinali chakuti ndikamira ndinkatsegula pakamwa pang'ono, madzi n'kulowa okha, ine wosalakwa. Tsiku lina amalume anandiona ndikuvuuka mimba ili tantha ngati ya chule. Sanandimenye. Anangonena pamaso pa anzanga kuti, “Jafali, usaumalize mtsinjewu, ena akufuna kuwedza.” Manyazi ake anandipweteka kuposa chikoti. Ndinalumbira kuti sindidzamasulanso dzuwa lili m'mwamba, ndipo ndinasunga. Malungo anabwera, ndinasala. Chaka cha njala, chaka cha kutentha kothetsa nkhuku, ndinasala. Zaka makumi asanu ndi kuposerapo popanda tsiku limodzi lodumpha. Ndipo ndinkazinena, ana inu. Pa maliro, pa ukwati, pa msika wa nsomba, munthu akangoyamba nkhani ya Ramazani, ine ndinali nditakonza kale kukhosi.

Ndiye kunabwera foni ya Mariamu, mayi ako iwe Zainabu, amene anali atakhala zaka zisanu ku Amerika akugwira unamwino. Anati, “Ababa, ndili ndi pakati. Ana a achimwene ndi a achemwali onse munawaitanira azana m'khutu n'kuwapatsa mayina tsiku lachisanu ndi chiwiri. Wanga yekha asakhale wamasiye. Mubwere ndi amayi.” Inu nonse muli panowa mawu oyamba achipembedzo amene munamva anali anga, azana, kuitana komwe kuja kwa ku swala, kukhutu lamanja, musanadziwe n'komwe kuti muli ndi makutu. Ndiye ndikanakana bwanji? Za mapasipoti ndi maulendo a ku Lilongwe kukajambulitsa zala ndizisiye, zimenezo ndi nkhani ya tsiku lina. Matikiti anabwera, tsiku linaikidwa. Koma iwe mkazi wangawe, kupupuluma unayamba kale, unabadwa masabata awiri nthawi isanakwane. Titawerenga tinapeza kuti tsiku lathu lofika ndilo lachisanu ndi chiwiri lenilenilo. Ndipo unali mwezi wa Ramazani.

Shehe wathu anabwera kudzatitsanzika. Anati, “Che Jafali, wapaulendo analoledwa kumasula. Mukabweza mukabwerako. Chilolezo ndi mphatso, musaikane.”

Ine ndinatulutsa pepala la tikiti, n'kuvala magalasi. Linalemba kuti kunyamuka ku Doha eyiti koloko m'mawa, kufika ku Washington filii koloko masana. Ndinawerenga ndi zala pamaso pawo. “Maola asanu ndi awiri, Shehe. Basi ya ku Lilongwe ikafa tayala pa Golomoti timatha maola oposa amenewa. Ndikafika, ndikasamba, ndikatchula dzina, ndikamasulira kwa mwana wanga.”

Agogo anu aakazi, Abiti Yusufu, ali apo akusankha mpunga ngati sakumva, anati, “Nanga Mariamu uja pa foni sanati ulendo wake ndi wautali?”

“Mariamu kupita kumjigo ankati n'kutali,” ndinatero ine. Safunsa anadya phula, ana inu, ndipo ine phula lake ndinadya lodzaza chipande.

Tsiku loyamba zonse zinayenda bwino. Kuchoka ku Chileka kupita ku Joni dzuwa linali laulemu, linalowa nthawi yake, ine ndinamasula ndi tizipatso titatu ta tende, n'kuyang'ana agogo anu ndi diso lakuti mwaona? Ndege yachiwiri inatitengera ku Doha. Daku, chakudya chija cha m'bandakucha, ndinadyera mmenemo: kabanzi kamodzi ndi kapu ya madzi. Antchito a m'ndege anafuna kundiwonjezera, ndinakana. Ndinati ulendo watsala ndi wapafupi.

Bwalo la ndege la ku Doha musaliyerekeze ndi Chileka. Ndi tauni yofolera. Muli misewu yoyenda yokha, iwe utangoima, ndipo agogo anu anakana kuiponda, anayenda m'mbali mwake akuiyang'ana ngati ng'ona. Kumeneko ndinaika nthawi yawo pa wotchi yanga, ija anandipatsa mlamu wanga, imene kwathu ndinkangoivala pa Idi. Eyiti koloko tinanyamuka, ine pawindo, agogo anu pakati, kumapeto mkulu wina wa ku Mombasa, Msilamu mnzathu, amene tinkamvana naye m'Chiswahili changa chothyokathyoka.

Sipanapite nthawi, atsikana a m'ndege anabwera akukankha kangolo ka chakudya. Fungo lake! Mpunga wa mafuta, nkhuku yothira zonunkhira. Ine ndinakweza dzanja kukana, mwaulemu, ngati munthu wolemera. Agogo anu analandira. Chingerezi sadziwa, koma chala chawo chimadziwa zinenero zonse. Analoza nkhuku, analoza madzi a malalanje, analozanso kabanzi kanga kuti kasabwerere. Ankadya pang'onopang'ono, akufotokoza. “Nkhuku yake yofewa, bambo a Mariamu. Mafupa mulibe. Kaya amaweta bwanji.” Mkulu wa ku Mombasa nayenso ankadya, atanena bisimila wake bwinobwino. Mumtima ndinati, Asilamu a masiku ano.

Kenako atsikana aja anatiuza kuti titseke mawindo, n'kuzimitsa magetsi, anthu n'kuyamba kugona masanasana. Kutsogolo kwa mpando kunali kakanema koonetsa kandege kakuyenda pamapu. Ndinakayang'ana nthawi yaitali, sikankasuntha. Ndinaganiza kuti n'kowonongeka, ndinakagogoda ndi chala mpaka mzungu wa mpando wakutsogolo anatembenuka. Mphepo ya m'ndege ndi youma, ana inu, imakumwa madzi m'thupi iwe osadziwa. Pofika wani koloko lilime linali litayamba kukakamira. Ndinadzilimbitsa kuti atsala maola awiri.

Wotchi itati kota tu filii, ndinavala nsapato, ndinakonza kofia, ndinatsitsa chikwama n'kuchiika pamiyendo. Ndinagwedeza agogo anu kuti dzukani, tafika. Mkulu wa ku Mombasa anatsegula diso limodzi.

“Mzee, mukupita kuti?”

“Tikutsika. Filii koloko.”

Anandiyang'ana, anayang'ana wotchi yanga, kenako anaseka mpaka misozi, koma mwaulemu, atagwira pakamwa. “Mzee, filii koloko ya pa tikiti ndi ya ku Washington. Yanuyi ndi ya ku Doha. Tili pakati penipeni. Atsala maola ena asanu ndi awiri.”

Ndinati filii koloko ndi filii koloko, kodi Mulungu ali ndi madzuwa angati? Iye anatenga lalanje pa thireyi ya agogo anu, anayatsa kagetsi ka pamwamba, n'kuyamba kulizungulitsa. Apa ndi Doha, apa ndi Amerika, ili ndi dzuwa. Dzuwa likupita kumadzulo, ifenso tikupita kumadzulo, tikulithamangitsa. Likafuna kulowa, ife tili pambuyo pake. Ndinamva, koma sindinakhulupirire. Ndinakweza chotsekera windo. Kuwala kunalowa ngati wina waponya madzi otentha, anthu mizere itatu anadzuka akung'ung'udza. Dzuwa linali pamwamba, pafupifupi pamene ndinalisiya. Pansi panali poyera mbee, ngati ufa woyanika pa mkeka, ndipo mkuluyo anati ndi madzi oundana. Tangoganizani, dziko lonse la madzi pansi panga, ine kummero kuli gwa.

Ndinayesa nzeru. Ndinati, “Chabwino, ndimasula wotchi ikati sikisi, nthawi ya kumene ndinayambira kusala.”

Mkuluyo anapukusa mutu. “Mzee, njira ndi ziwiri. Kumasula tsopano monga wapaulendo, kapena kudikira dzuwa limene mukulionalo. Wotchi simasulitsa munthu.”

Agogo anu, amene ndinkayesa kuti Chiswahili sachimva, anati, “Akunena zoona bambowa. Wotchi anapanga ndi munthu, dzuwa anapanga ndi Mulungu.” Ananena ndi mawu anga, mpaka kakhosomole kanga koyambira. Ndinafuna kutsika pomwepo.

Kangolo kanabweranso kachiwiri. Kanabweranso kachitatu. Nthawi iliyonse ndinkakweza dzanja, koma dzanjalo linkatsikiratsikira. Mtsikana wina wa kangoloko anagwada pambali ndi kapu ya madzi, akundichonderera ndi maso ngati mwana wanga. Ndinamuthokoza ndi mutu. Windo ndinalitsegula mwina kakhumi, pang'ono pokha, kusuzumira ngati munthu woyang'ana ngati wangongole wachoka pakhomo. Dzuwa linali lilipobe. Zaka zonse ndinkati ine ndi dzuwa timadziwana. Tsiku limenelo linandiyang'ana ngati silinandionepo.

Titatera, pamzere wa mapasipoti wofunsa anandifunsa chimene ndabwerera. Ndinatsegula pakamwa, kunatuluka mphepo yokha. Agogo anu anangopereka kalata imene Mariamu anatilembera, ndipo tinadutsa. Panja panali mkamwini wanga, Che Idrisa, bambo ako iwe, mwana wa ku Monkey Bay, akumwetulira mano onse. Ndinamukoka malaya kuti aweramire pakamwa panga.

“Dzuwa lilowa nthawi yanji kuno?”

“Cha m'ma hafu eyiti, apongozi. Ino ndi nyengo yotentha, masiku ake ndi aatali.”

Hafu eyiti! Dziko lanji lakuti dzuwa limalowa nthawi imene kwathu nkhuku zalota kale kawiri? Inali isanakwane faifi. Ndinakhala m'galimoto ndili chete, ndipo Che Idrisa anauza agogo anu kuti apongozi ndi munthu wodekha kwambiri.

Kunyumba tinapeza anthu adzaza. A kwathu kuno okhala kumeneko, ena a maiko ena, onse atavala bwino, onse akusala, akudikira muazini wotchuka wa kwa Mponda amene Mariamu anakhala akuwauza. Mariamu anatuluka kuchipinda atakunyamula. Zaka zisanu ndisanamuone. Anagwada, analira, inenso ndinafuna kulira koma m'thupi munalibe madzi a misozi. Anakuika m'manja mwanga. Unali kanthu kakang'ono, kopepuka kuposa chambo wa pa Malombe, nkhope yokwinya ngati wina wakubera.

Ndinaweramira kukhutu lako lamanja. Ndinakoka mpweya monga ndinkachitira pamasitepe paja. Chimene chinatuluka chinali fyooo, ngati tayala la njinga lalasidwa ndi minga. Ndinayesanso. Fyooo. Mwana wina wa alendo anaseka, mayi ake n'kumutsina. Mawu amene ankawoloka Shire analephera kuwoloka chala chimodzi.

Tsono mumvetse bwino vuto lake. Kwathu tsiku limatha dzuwa likalowa. Ndikanadikira kuti lilowe ndipo ndimwe madzi, tsiku lako lachisanu ndi chiwiri likanakhala litapita, ndikanakutchula dzina pa lachisanu ndi chitatu, iwe wekha mwa adzukulu anga onse. Ndikanamwa pomwepo, zaka zanga makumi asanu zikanathera m'kapu imodzi, pamaso pa anthu amene anali kusala. Che Idrisa anafuna kundipulumutsa. Anati, “Apongozi alembe dzinalo papepala, azana ndiitane ine.”

Mariamu anakana. Ananena motsitsa, akuyang'ana pansi. “Ababa, ine kuno ndikadzuka m'bandakucha kupita kuntchito kumakhala zii. Ndimayenda ndikukumbukira mawu anu. Ndinakula nawo. Mwanayu akulira kutali, mwina Chiyao sadzachidziwa, mwina Chichewa chidzamuvuta. Ndimafuna amve mawu a kwathu ngakhale kamodzi, tsiku lake.”

Agogo anu sanayankhule pagulu, amadziwa mwambo. Anandiitanira kukhitchini, iwe ndikadakunyamula. Anathira madzi ofunda m'kapu, anaika patebulo, sanandipatse m'manja. Anati, “Bambo a Mariamu, ndifunseko. Lero mukusalira Mulungu, kapena mukusalira anthu a kwa Mponda? Mwini wake anakulolani kale tisanachoke pakhomo. Tsiku la kusala mukabweza kwathu. Tsiku la mwanayu mukalibweza kuti?”

Zinandipweteka, ana inu, chifukwa zinali zoona. Ndinaona kuti zaka zonsezo ndinali ndikuyankhabe amalume anga pa gombe paja, munthu amene anamwalira kalekale ataiwala n'komwe za mtsinje uja. Ndinachita manyazi kuposa tsiku limene anandigwira. Ndinayang'ana pawindo, dzuwa lili phee pamwamba pa mitengo ya eni. Ndinatenga kapu ija, koma sindinamwere kukhitchini mobisala ngati kale mu Shire. Ndinabwerera nayo pabalaza, ndinakhala pansi pamaso pa onse, ndinanong'ona bisimila, ndinamwa.

Palibe anaseka. Mkulu wina wa ndevu zoyera anangogwedeza mutu. Agogo anu anabweretsa tiyi wa jinja wothira uchi, kenako anamasula kansalu, n'kutulutsa mabanzi atatu a m'ndege aja, amene anandisungira njira yonse. Ndinadya onse. Nkhuku ija yokha ndi imene sanandisungire, ndipo mlandu umenewo sunathe mpaka lero.

Patapita ola ndinayesa kukhosi. Mawu anabwerera, osati onse, theka, okanda ngati a tambala wachinyamata. Anakwanira. Ndinaweramira kukhutu lako n'kuitana azana yonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, dzuwa likadali pawindo. Unasiya kukwinya nkhope, unatsegula maso, unandiyang'ana. Kenako unandinyowetsa mkanjo wanga watsopano, umene ndinasoketsa pa boma. Agogo anu anati mwanayu wamva chisoni, akukubwezerani madzi. Ndinakutcha Zainabu, dzina la amayi anga. Apo misozi inapezeka, inali itabwerera limodzi ndi mawu.

Titabwerako, Idi itapita, ndinabweza tsiku langa limodzi, ndekha, mudzi wonse ukudya. Ndinapita kwa Shehe kukadziulula ndisanaululidwe, chifukwa ndinadziwa kuti agogo anu nkhani yotere sangaisunge kupitirira Lachisanu. Shehe anangoti, “Mphatso ija munailandira mochedwa, koma munailandira.” Anzanga a pamsika wa nsomba anandiseka chaka chathunthu. Ndikamadutsa masana ankakuwa kuti Che Jafali, madzi awa, musadikire. Ndinkaseka nawo. Zakuti sindinadumphepo tsiku sindinazinenenso, ndipo ndinadabwa kuti kusala kunayamba kundipepukira.

Ndiye ukamabwerera sabata yamawa, Zainabu, foni ikakuuza maola khumi ndi anayi, uikhulupirire, ndipo kangolo kakabwera ulandire. Ine ulendo umenewo sindingauyendenso, miyendo yakana, ndipo mawu aja pamasitepe ndinasiyira anyamata. Masiku amene ndinasala ndi ambiri, sindingawawerenge, ambiri ndawaiwala. Limene ndimalikumbukira tsiku ndi tsiku, limene ndimathokoza nalo Mulungu, ndi limodzi lija ndinamasula dzuwa lili m'mwamba. Tabweretsa kuno khutu lamanjalo, ndione ngati mawu anga akadalimo.